Mtsikana Amene Adapereka Moni Akuyenda

Kudali mudzi wina m'mphepete mwa dambo lalikulu, ndipo mudziwo udali ndi lamulo limodzi limene mwana ankalimva asanamere mano: ukamva moni kuchokera m'mabango, usayankhe, usagwade, pitiriza ulendo.

M'mabangomo munkakhala chimphona chotchedwa Mgwaditsa. Chidali ndi thupi limodzi koma mitu isanu, uliwonse pakhosi lakelake lotalika kuposa munsi. Sichinkathamangitsa munthu. Chinkangokhala pamwala, manja pamaondo, n'kumapereka moni. Koma mawuwo sadali ake. Chinkalankhula ndi mawu a akuluakulu amene adakulera, ndipo thupi la munthu woleredwa bwino limamvera mutu usanaganize. Mkazi ankagwada. Mwamuna ankavula chipewa n'kunjuta. Pomwepo mizu inkatuluka m'miyendo, khungu n'kusanduka khungwa, munthu n'kukhala chitsa. Njala ikachipweteka, chimphonacho chinkazula chitsa chakale koposa n'kuchiponya pamoto, ndipo pamotopo chitsa chinkabwerera kukhala nyama.

M'mudzimo mudali a Kanjuchi, bambo wolumala mwendo, amene mkazi wawo adamwalira n'kuwasiyira ana aakazi awiri. Wamkulu, Dalireni, ndiye adali chitsanzo cha mudzi wonse. Ankagwada popereka madzi, ankagwada polandira chikho, ankapinda bondo ngakhale podutsa mpando wa bambo ake wopanda munthu. Wamng'ono, Ndaziona, ankagwadanso, koma ankagwada mopupuluma, madzi n'kutayikira mlendo pamapazi. Dzina lake ankalidziwa ndi ochepa. Ambiri ankangoti "mng'ono wake wa Dalireni".

Tsiku lina awiriwa akuchokera kudimba, mawu adatuluka m'mabango.

"Moni, ana inu."

"Achemwali, tiyeni," Ndaziona adanong'ona.

"Iwe, amenewo ndi azakhali."

"Azakhali tawasiya kunyumba akusinja. Tiyeni!"

"Ndiye ndingodutsa ngati mbuzi? Ndiwayankhe pang'ono chabe."

Dalireni adatula dengu, adakonza chitenje, adagwada. Ndaziona adaona khungwa likukwera kuchokera m'maondo mpaka m'khosi. Adaona dzanja lalitali likutuluka m'mabango n'kuzula chitsa chovala mpango wofiira wa mkulu wake, n'kubwerera nacho m'mabangomo. Adathamangira kumudzi akukuwa.

Amuna adatenga mikondo ndi zibonga, adalumbira kuti sakanjuta ngakhale atamva mawu a agogo a agogo awo. Sadabwereko. A Kanjuchi, amene mwendo wawo sukadawoloka matope, adakhala pakhonde n'kumayang'ana kudambo. Sadanene kanthu. Ndaziona akawabweretsera chakudya, mbale inkabwerera momwe idapitira.

Mtsikanayo adaganiza: kodi kuno alipo munthu amene saima akapatsidwa moni? Adamupeza mmodzi yekha.

A Weni adali nkhalamba ya ku China. Adabwera kalekale ngati wophikira anthu omanga msewu. Msewu udatha, anzawo adapita, iwo adatsala n'kumalima chainizi kuseri kwa phiri. M'mawa uliwonse ankazungulira mtengo wa mango, maondo atapinda, manja ataloza thunthu, mpaka pansi padakumbika kangalande kozungulira. Ukawapatsa moni ankangogwedeza mutu osaima. Anthu ankati mutu wawo sukoka.

Ndaziona adafika pamalopo, adagwada kunja kwa kangalande, adaomba m'manja.

"Odi, agogo. Ndabwera kuti mundiphunzitse mwano."

Nkhalamba idazungulira mtengo kawiri isanayankhe.

"Mwano?"

"Kusagwada. Inu simugwadira munthu."

Apo a Weni adaima, nkhope itafiira. "Kwathu timagwada mpaka mphumi kugunda pansi! Koma timasankha woti tim'gwadire. Inu kuno mumagwadira ngakhale bango."

Ndaziona adawafotokozera za mkulu wake. A Weni adamvetsera, adapukusa mutu, adaloza kukhitchini. "Kawiritse tiyi."

Adawiritsa, adabweretsa ndi manja awiri, adagwada, theka n'kutayika. Nkhalamba idamwa wotsalayo.

"Kwathu wophunzira amagwada popereka tiyi woyamba, mphunzitsi akamwa ndiye kuti wavomera. Ndamwa. Kwakwana. Usadzandigwadirenso."

"Zikomo, aphunzitsi," adatero Ndaziona, ndipo adagwada.

A Weni adayang'ana kumwamba nthawi yaitali.

Kuzungulira mtengo kuja kudali luso lomenyana la kwawo, lotchedwa bagwa. Ndaziona ankayembekeza nkhonya ndi mateche. Adapatsidwa mtengo wa mango.

"Pinda maondo."

Adagwada.

"Pinda! Sindinati gwada! Khala ngati wakhalira mpando umene kulibe. Phazi lisanyamuke kwambiri, liziseseleka ngati ukuwoloka matope ndipo sukufuna kuti akuterereke. Chiuno chitembenukire kumtengo. Maso pachala chako cholozera, ndipo kupyola chalacho, pathunthu. Maso, iwe! Ukuyang'ana chiyani pansi? Wataya singano?"

"Sindingakuyang'aneni kumaso, aphunzitsi."

"Ndani wati undiyang'ane ine? Yang'ana mtengo. Kapena nawonso ndi apongozi ako?"

Ndaziona adayenda. Adazungulira mpaka ntchafu zidayamba kunjenjemera, adatembenuka, adazungulira chakumanzere. Mawa lake chimodzimodzi. Mango adachita maluwa akuzungulira. Maluwa adayoyoka akuzungulira. Adamusenzetsa mbale za madzi m'zikhatho. Adamuyendetsa pamwamba pa njerwa zoimika. Adazika nsichi pabwalo kuti azizemba pakati pake osazikhudza, ndipo adazikhudza zonse, ina ndi mphuno.

"Aphunzitsi, kumenya tiyamba liti?"

"Yenda."

"Chimphonatu si mtengo wa mango."

"Mtengo ukukuvuta kale. Yenda."

Masana ena akupuma, a Weni adamuuza kumene lusolo lidachokera, koma mwachidule ngati munthu wolipira mawu. Adati kumapiri a kwawo kudali anthu odzipatula amene ankapemphera akuyenda mozungulira. Munthu wina adaphunzira kwa iwo, n'kuona kuti woyenda chotero mdani samupeza, chifukwa pamene nkhonya ikufika iye amakhala ali kale kumsana. Amati munthuyo adagwirapo ntchito yoperekera zakudya kunyumba ya mfumu, ndipo ankadutsa pakati pa khamu atanyamula mbale zodzaza, osataya dontho.

"Osataya dontho," adabwereza a Weni, akuyang'ana malaya awo onyowa ndi tiyi wa m'mawa umenewo.

Miyendo ya Ndaziona idalimba. Adaphunzira kukowetsa phazi m'kati n'kutembenuka ngati chitseko. Koma chinthu chimodzi chidakanika. A Weni ankamudikira ali pakati poyenda, n'kunena ndi mawu aulemu, "Moni, mayi." Nthawi yomweyo Ndaziona ankapezeka pansi, manja pamodzi, akuti, "Zikomo." Ankabisala kuseri kwa nkhokwe. "Moni, mayi." Pansi. Ankamuchenjeza kaye kuti tsopano ndikupatsa moni, usagwade. "Moni, mayi." Pansi.

Tsiku lina nkhalamba idaponya chipewa m'chainizi.

"Ndatopa nawe! Ndaphunzitsa bakha uyu kusalowa m'dimba, iwe wandikanika. Khala chete n'kudutsa, chovuta n'chiyani?"

Ndaziona naye adapsa mtima. "Inu mumaona ngati ndimafuna? Munthu akandipatsa moni, kukhala chete kumanditsamwa pakhosi. Ndikalimbana ndi pakamwa, maondo amagwa okha. Amayi adandilera choncho. Mukufuna ndiwasanze?"

A Weni adatola chipewa, adachikung'untha, adachivala.

"Ndiye yankha," adatero. "Pakamwa ndi pa amayi ako. Miyendo ndi yanga. Yenda. Moni, mayi."

"Zikomo, aphunzitsi, mwaswera bwanji?" adayankha Ndaziona. Bondo lidatsika, lidanjenjemera, koma phazi lidaseseleka kutsogolo ndipo linzake lidatsatira. Adazungulira mtengo wonse akufunsa za kunyumba, za bakha, za chainizi. Sadagwe.

Pachitsime cha a Weni pankabwera nantchengwa, mbalame yamutu ngati nyundo, kudzasaka achule. Mbalameyi inkauluka mpaka kudambo, ndipo inkalankhula ikafuna. M'mawa wina idatera panthambi ya mango.

"Iwe wozungulira. Zitsa zakale zatha. Chotsatira n'chovala mpango wofiira."

Ndaziona adatula mbale za madzi. "Aphunzitsi, ndapita."

"Sunakonzeke. Kwathu munthu amazungulira zaka asanaphunzire china."

"Mkulu wanga alibe zaka."

"Kumenya sukudziwa."

"Ndani sanandiphunzitse?"

A Weni adang'ung'udza m'chilankhulo cha kwawo. Kenako adamugwira dzanja n'kuliika pathunthu la mango. "Kamodzi kokha, ndipo pamapeto. Chikhatho sichimenya. Phazi limakankha nthaka, chiuno chimapota, chikhatho chimangopereka katundu. Ona." Adapota chiuno pang'ono. Mango aawisi adagwa ngati matalala. "Ndipo usaime. Muzu umagwira chimene chaima. Choka, ukundiwonongera m'mawa."

Nantchengwa adauluka patsogolo mpaka pamene mabango adayambira, n'kutera panjira.

"Njira youma ndikuidziwa ndine ndekha, koma sindipereka ulele. Ndagi."

"Mbalame iwe, mkulu wanga akukaikidwa pamoto!"

"Ndagi, ndati."

"Gize, fulumira."

"Ndayenda kuyambira m'mawa mpaka madzulo, thukuta kamukamu, koma sindinachoke pakhomo."

"Ameneyo ndine," adatero Ndaziona. "Ukundinena ine, ndipo sizikuseketsa."

Mbalame idapendeka mutu. "Ndimanena mwala wa mphero. Koma ndakuonerera nthawi yonseyi, ndipo sindingakutsutse. Ponda pamene ndaponda."

Adalowa m'mabango. Matope adafika m'akakolo, koma mapazi a Ndaziona adawadziwa ngati kwawo. Adatulukira pabwalo lalikulu lonyowa, lodzaza zitsa, zina zili ndi zipewa pambali, zina zitatsamira mikondo. Pakati padali mwala, pamwalapo Mgwaditsa, mimba ngati nkhokwe. Moto unkayaka pambali pake. Pafupi ndi motowo padali chitsa cha mpango wofiira, chozulidwa kale.

Mitu isanu idatembenuka pamodzi. Woyamba udamwetulira, ndipo udalankhula ndi mawu a azakhali.

"Moni, mwana iwe."

Ndaziona adapinda maondo, adakweza manja, adaloza chala pachifuwa cha chimphona, adayamba kuyenda.

"Zikomo, agogo. Mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka. Kaya iwe?" Mutuwo udatembenuka kumutsatira, pakuti woyankha moni amayang'ana womupatsa. "Takhala pansi, tilonjerane bwino."

"Ndili bwino choncho, agogo. Nanga inu achiwiri, mwadzuka bwanji?"

Mutu wachiwiri udadzikuza kuti wafunsidwa pawokha. Udadutsa pamwamba pa woyamba kuti uyankhe. Wachitatu udakwiya.

"Nanga ine? Ndine galu?"

"Pepani, agogo, ndimabwera komweko. Msana uja uli bwanji?"

"Ukupwetekabe, mwanawe, makamaka kukazizira," udatero mutu wachitatu, ukukhotera kumanzere.

"Akuti chiyani?" udafunsa wachinayi, umene udali wogontha.

"Ndikuti mwadzuka bwanji!" adakuwa Ndaziona, ali kale kumsana kwa chimphona. Mutu wogonthawo udazungulira khosi lonse kuti umve.

Mgwaditsa sichidaimirire. Chidali chisanaimirirepo mwana chibadwire, ndipo sichikadayamba tsiku limenelo. Thupi lidakhala pamwala, mitu yokha n'kumatsata mtsikanayo. Ndaziona adafunsa za kunyumba. Adafunsa za chifuwa, za mvula ya chaka chatha, za udzudzu wa m'dambo. Akamaliza mutu womaliza ankayambiranso woyamba, poti pamenepo dzuwa lidali litakwera ndipo kudali koyenera kufunsa kuti mwaswera bwanji. Makosi adayamba kupotana ngati chingwe cha khonje.

"Mwana wopanda mwambo! Moni wapaulendo ngati wa njinga!" udakalipa mutu woyamba. "M'gwireni!"

Dzanja lalitali lidabwera. Ndaziona adalilandira ndi mkono, adaliperekeza kumene linkapita, adakowetsa phazi n'kudutsa kunsi kwake. Dzanja linzake lidasesa pansi, iye adazemba pakati pa zitsa, akupepesa chilichonse chimene chitenje chake chidakhudza. Mpweya udayamba kumuthera. Ntchafu zidayaka moto.

Mutu wachisanu udali usanalankhule. Udali waung'ono, wa maso ofatsa. Udadikira kuti mtsikanayo afike patsogolo pake, ndipo udalankhula motsitsa, ndi mawu amene Ndaziona adawamva komaliza pamphasa ya matenda.

"Ndaziona, mwana wanga. Ndidakulera choncho?"

Miyendo idaima yokha. Bondo lidatsika. Ndaziona adamva timizu tikutuluka kuphazi lamanzere n'kulowa m'matope, kuzizira kukukwera mpaka m'katumba. Adadziwa kuti si amayi ake. Kudziwako sikudathandize konse. Misozi idatsika, bondo lidatsala pang'ono kukhudza pansi.

Koma pakamwa padayankha, monga mwa chizolowezi chake.

"Pepani, amayi. Ndikagwada kunyumba."

Phazi lamanja lidaseseleka kutsogolo. Lamanzere lidakana, adalikoka, timizu tidaduka, magazi adatuluka. Adayenda. Adazungulira akulira, akupatsa moni, akutsimphina, ndipo mitu yonse isanu idamutsatira ikutukwana, mpaka makosi adapotana kufika pomaliza. Maso adatong'oka. Malilime adatuluka. Mutu wogontha wokha ndiwo udafunsabe ndi kamawu kotsamwa kuti akuti chiyani.

Apo Mgwaditsa chidadzuka pamwala, koyamba m'moyo wake kuimirira mwana. Chidachedwa. Ndaziona adali kumsana. Adakankha nthaka ndi phazi, adapota chiuno, chikhatho chidapereka katundu m'nthiti.

Chingwe chopotedwa chikamasuka chimazunguza chimene chamangidwako. Chimphona chidazungulira ngati nguli. Chidazungulira chikulira, matope akuwaza mpaka pamwamba pa mabango, mapazi akuboola pansi. Chidamira mpaka m'maondo, mpaka m'mimba, mpaka m'mapewa. Mitu idagundana, idaphulika umodziumodzi ngati maungu ogwa pangolo. Madzi akuda adatumphuka, adazimitsa moto, adadzaza dzenjelo, ndipo padakhala bata.

Khungwa lidayamba kusweka pabwalo ponse. Amuna adadzuka akubuula, akufunafuna zipewa zawo, osayang'anana kumaso. Ndaziona adathamangira pachitsa cha mpango wofiira. Dalireni adali atagona chammbali, maondo opindabe, akuphethira.

"Achemwali! Muli moyo?"

"Ndamva zonse," adatero Dalireni ndi mawu osasa. "Zitsa zimamva, iwe. Moni kwa akuluakulu uli chiimire? Ukuyendayenda? Ndiponso ukuwaloza chala?"

"Chimafuna kukudyanitu."

"Ngakhale. Anthu amva kuti chiyani?"

Maondo a Dalireni adakana kuwongoka, choncho Ndaziona adamubereka kumsana. Adawoloka naye dambo, phazi likuchucha magazi, mkulu wake akumulangiza m'khutu njira yonse za kakhalidwe ka mtsikana. Kawiri konse Ndaziona adaganiza zomutula m'matope. Sadamutule.

Mbiri idafika kumudzi iwo asanafike. Amayi a m'mudzimo adawachingamira ndi nthungululu, akuyala zitenje panjira. Akazi a amuna opulumuka aja adabwera ndi nkhuku, wina ndi mbuzi. Ana ankakuwa dzina la Ndaziona, ndipo akuluakulu ena ankafunsana chapansipansi kuti kodi dzina lake ndi limeneli. Ngakhale a Weni adatsika kuphiri, adaima kumbuyo kwa khamu manja kumsana, akuyang'ana mayendedwe a wophunzira wawo ndi nkhope yosakhutira.

A Kanjuchi adali pakhonde pomwe paja. Adaonda. Ndaziona adatula mkulu wake pamphasa patsogolo pawo. Bambowo adagwira nkhope ya Dalireni ndi manja onse awiri, adayang'ana, adaigwiranso. Kenako adatembenukira kwa wamng'ono.

Ndaziona adakonza chitenje chake chamatope, adagwada.

"Imirira!" adakuwa a Weni kuchokera kumbuyo. "Ntchito yanga yonse ija!"

A Kanjuchi adakweza dzanja. Aka kadali koyamba kulankhula chitengedwere mwana wawo.

"Apa m'lekeni."

Adagwira mzati wa khonde, adatsitsa mwendo wolumala uja pang'onopang'ono, mpaka adakhala pansi m'fumbi, maso awo kulingana ndi a mwana wawo. Adatenga phazi lovulala lija, adaliika pamwendo pawo, adaitanitsa madzi ofunda.

Nthano yathera pakhonde pomwepo. Wofuna zambiri akafunse eni ake.